Mawu a pa mikisa ndi a m'holo akamakana kugwirizana

Mnyamata wina wa ku Chikanda anandipeza kunyumba Lolemba lina madzulo, laputopu ili kukhwapa, maso ali psuu chifukwa chosagona. Loweruka lapitalo anali atajambula kwaya ina imene inkakhazikitsa chimbale chake m'holo ina ku Chinamwali. Anabwereka rekoda ya matchanelo anayi n'kuiika patebulo la mikisa, makina osakanizira mawu opita ku masipika, kumbuyo kwa holo. Matchanelo awiri ankalandira mawu kuchokera pa mikisa kudzera mu waya, awiri enawo anali mamaiki a pamutu pa rekodayo, ogwira holo ndi anthu. Fayilo ya pa mikisa, ukaimvera payokha, mawu a oimba ankamveka bwinobwino, koma youma gwa, ngati anaimbira m'chipinda chopanda munthu. Ya m'holo inali ndi moyo wonse, nthungululu, malikhweru, m'manja, koma osamva kuti akuimba chiyani. Ataziphatikiza, poganiza kuti atola zabwino za uku ndi uku, panatuluka chinthu choipa kuposa zonse ziwiri.

"Achimwene, tamverani nokha," anatero akundipatsa mahedifoni. "Kwaya yonse ikumveka ngati ili mumgolo. Wa madiramu akamenya kamodzi zikumveka kawiri. Komatu rekoda inali imodzi, ndinadina kamodzi. EQ ndaitembenuza mbali zonse."

Anali atachezera nayo EQ imeneyo, chida chokwezera kapena kutsitsira mawu a besi, apakati ndi apamwamba, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo akanachezera nayo mwezi wonse osaphula kanthu. Inenso ndinatayapo masiku ambiri pamenepa ndisanadziwe kuti vutoli si la kukoma kwa mawu ayi. Ndi la nthawi. Mafayilo awiriwo akunena chinthu chimodzi koma ina ikuchedwa, ndipo musanakonze kuchedwako, china chilichonse chimene mungagwire n'kungotaya mphamvu.

Kuphatikiza kotereku ojambula makonsati amakutcha matrix. Ndi mawu odziwika kwambiri pakati pa otsatira bandi ya ku America ya Grateful Dead, imene mu 1984 inapatula malo apadera m'makonsati ake oti anthu aziimikapo mamaiki awo n'kumajambula. Mavuto amene ankalimbana nawo iwo ndi omwewa tikulimbana nawo m'maholo athu a malata.

Waya ndi wachangu, mpweya ndi waulesi

Mukaima tsidya lino la Likangala n'kumaona munthu akuwaza nkhuni tsidya linalo, nkhwangwa imatera kaye, "kho!" n'kumveka pambuyo. M'holo zilinso chimodzimodzi. Mawu opita pa rekoda kudzera mu waya amafika nthawi yomweyo. Otuluka m'masipika ayenera kuyenda mumpweya, ndipo mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukatentha madigiri 20. Ndiye kuti mita iliyonse imadya mamilisekondi 2.9, tingoti atatu (milisekondi, mwachidule ms, ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Maiki ikakhala mamita 10 kuchoka pa sipika, imamva mawuwo patapita 29 ms. Ikakhala mamita 20, ndi 58 ms.

Holo imene mnyamatayo anajambuliramo ndimaidziwa. Kuchoka pa masipika kufika patebulo la mikisa pali mamita ngati 22. Ndinamuuza tisanatsegule n'komwe mafayilo kuti tipeza kusiyana kwa 64 ms, ndipo titayeza tinapeza 66. Ziwiri zowonjezerazo n'zosadabwitsa, chifukwa makina ogawira mawu ku masipika nawonso amachedwetsako pang'ono. Rekoda imodzi imakutsimikizirani kuti matchanelo onse ayamba limodzi. Siichotsa mtunda wa pakati pa sipika ndi maiki.

Kuchedwa kukapitirira 50 ms, khutu limamva zinthu ziwiri, ndiko kumenya kawiri kuja. Kukakhala pansi pa 30 ms kapena chapompo, ubongo umaziphatikiza n'kumva ngati mawu amodzi, zimene Helmut Haas wa ku Germany anafufuza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Msampha uli pamenepa. Ambiri amasuntha fayilo motsatira khutu mpaka eko itasiya kumveka, n'kusiyira pomwepo, koma mgolo uja umatsala. Mawu amodzimodzi akakumana ena atachedwa pang'ono, mafunde ake amafafanizana m'malo ena n'kuwonjezerana m'malo ena. Kuchedwa kwa 1 ms kumadya mawu a pa 500 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa mafunde pa sekondi), 1,500 Hz, 2,500 Hz, n'kumapita choncho ngati mano a chipeso, n'chifukwa chake amisiri amati comb filtering. Kwa 5 ms kumayambira pa 100 Hz, pamene pamakhala besi, kenako 300, kenako 500. Mungakweze EQ mpaka kumapeto, dzenjelo silikwiririka, poti mukungokweza zinthu ziwiri zimene zikudyanazo.

Kuika nsonga pa nsonga

Tsegulani mafayilo onse mu Audacity, Reaper kapena pulogalamu imene munazolowera, ina pamwamba ina pansi. Musafune malo amene kwaya yonse ikuimba, pamenepo mafunde amangooneka ngati tchire. Funani phokoso lalifupi, lakuthwa, lokhala palokha: woyendetsa mwambo akugogoda maiki kuti aone ngati ikugwira, "p" amene waphulika pakamwa pa woimba, kapena kuthetheka kwa waya wina akamaulumikiza. Kulitsani chithunzicho mpaka muone nsonga imodzi pa fayilo ya pa mikisa, ndi inzake cha kumanja pa fayilo ya m'holo. Kokerani ya m'holoyo kumanzere mpaka nsonga ziwirizo zikhale pamzere umodzi. Pa 48 kHz milisekondi imodzi ndi masampulo 48, choncho mpata wosuntha pang'onopang'ono ulipo wambiri.

Sankhani phokoso lodutsa m'masipika, osati la ng'oma. Wa madiramu amakhala kumbuyo kwa siteji, mamita anayi kapena asanu kuseri kwa masipika, ndipo m'holo yaing'ono kulira kwa ng'oma yake kumafika pa maiki yanu kuchokera pa ng'omayo, osati m'sipika. Mukagwirizanitsa ndi ng'oma, mawu a woimba amapatuka ndi 12 kapena 15 ms. Zonse sizingagwirizane nthawi imodzi, chifukwa chilichonse chili pa mtunda wakewake. Sankhani chimene anthu akufuna kumva, ndipo pa nyimbo zathu, kaya za uzimu kaya zovina, chimenecho ndi mawu a woimba.

Ine ndimasuntha ya m'holo, ya pa mikisa ndimaisiya pamalo pake, makamaka pakakhala vidiyo. Kuwala sikuchedwa, choncho milomo ya woimba pa chithunzi imagwirizana ndi mawu a pa mikisa. Koma chenjerani: mapulogalamu a vidiyo ngati Premiere kapena DaVinci Resolve akamagwirizanitsa okha, amatsata mawu amene maiki ya kamera inagwira, ndipo kamera ikakhala kumbuyo, mawu akenso ndi ochedwa. Pa mafuremu 25 pa sekondi, furemu imodzi ndi 40 ms, ndiye mamita 22 aja ndi furemu imodzi ndi theka. Pa chithunzi chapatali palibe angaone, koma kamera ikakokera pafupi dzanja la wa madiramu, zimaoneka.

Ngati simukutsimikiza pamene pali nsonga yeniyeni, bola holo itsalire m'mbuyo pang'ono kusiyana ndi kuti itsogole. Khutu linazolowera kumva mawu kaye, eko pambuyo. Holo ikatsogola, mawu a woimba amamveka ngati akuyamwidwa asanatuluke.

Mwagwirizanitsa, eko yatha, koma besi yathawa ndipo mawu aonda? Yang'ananinso nsonga zija. Ngati ya pamwamba ikuyamba ndi kukwera pamene ya pansi ikuyamba ndi kutsika, polarity, mbali imene funde limayambira, yatembenuka penapake. Mawaya ambiri a XLR amene timagwiritsa ntchito kuno ndi owotcherera pamanja, ndipo sipatenga kanthu kuti wina asinthanitse pini 2 ndi pini 3. Nthawi zina ndi sipika imene inalumikizidwa chagada. Mu Audacity sankhani fayilo ya m'holo n'kudina Invert, mu Reaper pali kabatani ka Ø pa tchanelo. Mverani mu mono, kumanzere ndi kumanja zitaphatikizidwa pamodzi, tembenuzani, mveraninso, n'kusiya pamene besi ikumveka yonenepa. Kugwada kapena kuimirira kwa nsonga pa sikirini ndi umboni chabe, woweruza ndi khutu.

Zimagwirizana poyamba, kenako n'kumapatuka

Ili ndi vuto lina, ndipo limagwira amene amajambula ndi makina awiri. Linandigwira ine pa mwambo wa nyimbo wa usiku wonse m'tchalitchi china ku Matawale. Ndinali ndi rekoda pa mikisa ndi ina kutsogolo pafupi ndi siteji. Nyimbo yoyamba ndinaigwirizanitsa mosamala, ndinamvera yachiwiri, ndinakhutira, n'kutumiza zonse. Patapita masiku awiri abusa anandiimbira foni: "Bambo, koyambirira kwaoneka bwino, koma nyimbo zakumapetoko anawa akumveka ngati akuthamangitsana." Ankanena zoona.

Rekoda iliyonse ili ndi wotchi yakeyake mkati, kakirisito kamene kamawerenga masampulo. Zonse zimalemba kuti 48 kHz, koma palibe ziwiri zoyenda ndendende. Kusiyana kwa magawo 20 pa miliyoni kumaoneka ngati si kanthu, koma pa ola limodzi, lomwe ndi masekondi 3,600, kumakwana 72 ms. Nyimbo yoyamba imamveka bwino, yachinayi ili mumgolo, yachisanu ndi chitatu ili ndi eko.

Kukonza kwake ndi masamu ochepa. Gwirizanitsani kumayambiriro, pitani kumapeto kwenikweni, pezani phokoso lina lakuthwa, yezani kusiyana. Tinene kuti pa ola limodzi ndi theka mwapeza 108 ms. Gawani 0.108 ndi 5,400, mupeza 0.002 peresenti. Tambasulani kapena finyani fayilo ya m'holo ndi mlingo umenewo. Mu Audacity gwiritsani ntchito Change Speed (yatsopano imati Change Speed and Pitch), mu Reaper sinthani playback rate ya fayiloyo. Musasankhe njira zotambasula zimene zimasunga kiyi ya nyimbo, chifukwa zimadula mawu tizidutswa n'kumata, ndipo zimawononga kugwirizana kumene mukufunako. Kusintha kwa kiyi pa 0.002 peresenti palibe khutu lingakumve. Masamu akakutopetsani, dulani fayilo ya m'holo nyimbo iliyonse payokha n'kumaigwirizanitsa poyambira pake. Ndi ntchito yotopetsa koma imatheka.

Kupatuka kukakhala kwakukulu, masekondi asanu pa mphindi imodzi yokha, ndiponso kiyi ikusiyana, imeneyo si wotchi. Fayilo ya 44.1 kHz ikuwerengedwa ngati ya 48 kHz, kapena mosemphana. Konzani pamenepo musanagwire china. Kukakhala kodumpha, zonse zili bwino kenako mwadzidzidzi zasiyana, yang'anani polumikizira mafayilo. Marekoda ambiri amadula fayilo ikafika 2 GB n'kuyamba ina, ndipo stereo ya 24-bit pa 48 kHz imadya pafupifupi 1 GB pa ola. Onetsetsani kuti simunasiye mpata kapena kulumpha chidutswa. Mafoni ndiwo ovuta kwambiri: ena amataya tizidutswa ta mawu osakuuzani, ndipo kupatuka kwake sikutsata masamu.

Mankhwala enieni ndi wotchi imodzi. Marekoda a Zoom H4n, H5, H6 ndi Tascam DR-40 onse amatha kujambula mamaiki awo ndi mawaya awiri nthawi imodzi. Pakakhala mikisa ya digito ngati Behringer X32 yokhala ndi matchanelo otsala, pemphani kuti mamaiki anu a m'holo alowe momwemo, asapite ku masipika, n'kujambula zonse pa laputopu. Komabe rekoda ya mabatire ndimaisiya ikuyenda pambali. Magetsi akazima mikisa ikulemba pa fulashi, fayilo siitsekedwa bwino ndipo imakana kutseguka. Nthawi zambiri mawu amakhala alimo, ndipo Import Raw Data mu Audacity imatha kuwatulutsa, koma mphindi zimene anthu ankaimba okha mumdima podikira jenereta, zomwe nthawi zina ndi zokoma kuposa mwambo wonse, imagwira ndi ya mabatire yokha.

Panja pali chinanso. Liwiro la mawu limasintha ndi kutentha, pafupifupi mamita 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse. Konsati ikayamba masana kuli madigiri 28 n'kutha usiku mphepo yotsika m'phiri itafikitsa pa 15, maiki yokhala mamita 30 imachedwa ndi 2 ms yowonjezera. Mphepo ikamaomba, kuchedwako kumangoyendayenda. Pabwalo lalikulu ngati la Gymkhana, maiki ikhale pafupi ndi masipika.

Fayilo ya pa mikisa ikabwera yowonongeka kale

Mawu ong'aluka ndiwo amabwera kawirikawiri. Mikisa imatulutsa mphamvu ya line, ya +4 dBu, yomwe ndi mavoti pafupifupi 1.23, pamene maiki imatulutsa timagawo tochepa ta voti imodzi. Mukalowetsa waya wa pa mikisa pakhomo loyembekezera maiki, mawu amasweka pakhomo pomwepo asanafike pa kabatani ka voliyumu. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti mita ikuonetsa pansi, yofiira siikuyaka, koma mawu ndi ong'aluka. Yang'anani mafunde: akakhala odulidwa pamwamba ngati ametedwa ndi lumo, vuto ndi limenelo. Sankhani line pa rekoda, kapena tsegulani pad ya -20 dB, kabatani kochepetsa mphamvu pakhomopo. Mikisa ikakhala ndi potulukira pa RCA polembedwa Rec Out, pamenepo mphamvu imakhala yocheperapo, ndipo marekoda aang'ono amapakonda.

Poyeserera zida masana, mawu amakhala ofatsa. Anthu akadzaza, wa pa mikisa amakweza, oimba nawonso amatenthedwa. Ine poyeserera ndimaika nsonga pa -18 dB, ndimajambula pa 24-bit, ndipo ndimazimitsa auto gain, imene imakweza ndi kutsitsa mawu yokha. Zimitsaninso 48 V pa matchanelo amene mwalumikiza ku mikisa, mphamvu imeneyo ndi ya mamaiki, ndipo mikisa ya eni ake mukhoza kuiwononga.

Funsani kuti waya wanu auchotsa pati. Akakupatsani aux ya monita, potulukira mawu opita ku sipika ya oimba, mujambula zimene woimba amafuna kumva m'khutu mwake, mwina mawu ake okha ndi kiyibodi. Akakupatsani pobayira mahedifoni, mwalowa m'mavuto, chifukwa akangodina solo kapena PFL kuti amvere tchanelo imodzi, inunso mujambula tchanelo imodziyo. Pabwino ndi pa matrix out, pa Rec Out, kapena pa aux yapadera ya post-fader imene mungapangirepo kasakanizidwe kanu.

Kung'ung'udza kosalekeza kwa "mmmm" ndi magetsi. Athu kuno ndi a 230 V pa 50 Hz, ndiye phokosolo limakhala pa 50 Hz, 100 Hz, 150 Hz. Limabwera rekoda kapena laputopu ikabayidwa pa soketi ina, mikisa pa ina, waya wa mawu n'kukhala mlatho pakati pa ma earth awiri. Zulani chaja, yendetsani pa batire, nthawi zambiri limatha pomwepo. Likapanda kutha, ikani DI box, kabokosi kodutsitsamo waya wa mawu, pakati n'kudina ground lift. Musathyole mwendo wa earth pa pulagi, ngakhale wina akuuzeni kuti iye amatero nthawi zonse. Mwendo umenewo ndi umene umateteza woimba amene wagwira gitala mlomo uli pa maiki. Thetsani phokosoli pamalo pomwepo, makamaka pakakhala jenereta, chifukwa jenereta siikhazikika pa 50 Hz, ndipo sefa yodula malo amodzi pa kompyuta imaliphonya.

Mikisa siinama, koma siinena zonse

Wa pa mikisa sakusakanizira inu. Akusakanizira holo. Chimene chikumveka kale chokha, monga madiramu, malipenga, gitala yokhala ndi ampu yake, amachitsitsa kapena sachiika n'komwe. Chofooka, monga mawu a oimba ndi kiyibodi, amachikweza. Ndiye fayilo ya pa mikisa imatuluka chagada: woimba ndi kiyibodi zili pamphuno, ng'oma ikumvekera kutali, besi mwina palibe. M'holo yaikulu ngati Great Hall ku Chirunga, kapena panja, pafupifupi chilichonse chimafunika kudutsa m'masipika ndipo fayiloyo imakhala yokwana. M'kaholo ka malata, fayilo ya m'holo ndi imene yanyamula theka la bandi.

Choncho dziwani musanaimike maiki kuti mukufuna igwire chiyani. Mukafuna bandi monga ikumvekera kwa anthu, ikani pakati, moyang'ana siteji, pafupi ndithu moti masipika azimveka kuposa makoma. Mukafuna anthu okha, ikani m'mphepete mwa siteji moyang'ana anthu, kuseri kwa masipika. Pamenepo kuchedwa kumakhala kochepa ndipo kuphatikiza kumaphweka. Kukhoma lakumbuyo ndi pakona ndi malo oipa, besi imaunjikana pamenepo ndipo eko ya malata imachuluka.

Kwezani maiki m'mwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu. Maiki imamva kwambiri chimene chili pafupi nayo, ndipo siidziwa kuti chofunika n'chiti. Tsiku lina ndinasiya rekoda pa benchi pafupi ndi amayi awiri, ndipo ndili ndi mphindi 50 za mkangano wa mtengo wa nsalu ya yunifolomu, womveka bwino kuposa kwaya. Mmodzi mwa amayiwo ankaseka mokoma kwabasi, koma si zimene anandilipirira. Panja valikani maiki chipewa chaubweya chija, siponji yokha siikwanira. Mvula ya Januwale ikayamba kumenya malata, palibe nzeru ina, tsamirani pa mikisa.

Tsopano mukhoza kugwira EQ

Nthawi ikagwirizana, polarity ili bwino, kusakaniza kwenikweni sikuchedwa. Yambani ndi fayilo ya pa mikisa yokha. Kwezani ya m'holo kuchokera pansi mpaka mumve kuti makoma abwera, kenako bwezani pang'ono. Kwa ine nthawi zambiri imakhala 6 mpaka 12 dB pansi pa ya pa mikisa, koma holo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ngati besi ili bwino pa mikisa, dulani zonse za pansi pa 120 Hz kapena 150 Hz pa fayilo ya m'holo, kuti besi ichokere malo amodzi. Ngati besi sinalowe pa mikisa, musadule, ya m'holoyo ndi yokhayo muli nayo. Matope a holo amakonda kukhala pakati pa 250 ndi 400 Hz, chepetsani pamenepo pang'ono.

Musasiye mlingo umodzi mwambo wonse. Woimba akamaimba vesi, holo itsike. Akaloza maiki kwa anthu kuti ayankhe, kapena nyimbo ikatha nthungululu zikuyamba, holo ikwere. Kwezani mwapang'onopang'ono, kuyambira masekondi awiri nyimbo isanathe, kuti womvera asamve chitseko chikutseguka. Kunena zoona, apa ndi pamene ntchito imakoma, ndipo ndi pamene ambiri amachita ulesi. Reverb, eko yopanga pa kompyuta, musaithamangire. Holo yeniyeni muli nayo kale.

Makonsati ambiri kuno mikisa imatulutsa mono, ndipo si vuto: mawu a pa mikisa akhale pakati, holo itambasuke kumanzere ndi kumanja. Koma musanatumize, mverani zonse mu mono. Anthu anu akamvera pa foni kudzera pa WhatsApp, pa kasipika ka Bluetooth, m'minibasi yopita ku Songani. Zimene zimabisala pa mahedifoni zimaonekera poyera pamenepo. Kumbukiraninso kuti limiter ya kumapeto, yopanikiza nsonga kuti nyimbo yonse ikwere, imakweza zinthu zofooka, ndiye holo imene inali yokwana ikhoza kuchuluka. Ikani limiter kaye, mlingo wa holo muutsimikize pambuyo.

Zambiri mwa izi zimathera pa kufika msanga. Wa pa mikisa akakhala pakati pa kulimbana ndi kulira kwa maiki, anthu atadzaza, inu n'kubwera ndi "ndibayireni apa", akupatsani bowo lililonse limene lili pafupi. Fikani akumanga zida, muli ndi mawaya anuanu a XLR, jack ndi RCA, mupereke moni, munene kuti, "Madala, ndikujambulira akwayawa, mungandigawireko pati posakusokonezani?" Muimike maiki, muwerenge mamita kuchoka pa sipika, mulembe m'foni. Muwapemphe agogode maiki katatu mwambo usanayambe ndi katatu utatha. Eni nyimbo akhale atavomereza kuti mujambule, ndipo ngati zimenezo zikagulitsidwa kapena kuulutsidwa, nkhani ya umwini imadutsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso.

Za mnyamata wa ku Chikanda uja, tinakokera holo kumanzere ndi 66 ms, tinatembenuza polarity, tinazimitsa EQ yake yonse ya masiku awiri, n'kudula pansi pa 130 Hz. Sizinatenge theka la ola. Anavala mahedifoni, anakhala duu, kenako anati, "Ndiye ndimavutikiranji?" Koma pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi, pakati penipeni pa kolasi, kwaya yonse inazimiririka pa fayilo ya pa mikisa, n'kutsala kiyibodi yokha masekondi 40. Waya wake unali pobayira mahedifoni, ndipo wa pa mikisa anali atadina solo. Pamenepo tinatsitsa mikisa, tinakweza holo yokha, n'kusalaza polowera ndi potulukira. Mawu a nyimbo samveka bwino m'masekondi amenewo, koma holo yonse inali ikuimba nawo, ndipo amayi otsogolera kwaya atamvera anafunsa ngati zingatheke kuti kolasi yomaliza imvekenso choncho.